ZA NYUMBA YA MIYALA YA KU HIGHER UPPACOTT

Munthu wodziwa miyambo akalowa m'mudzi wacilendo, asanafunse kanthu, ayang'ana pamene pali khola, pamene pali nkhokwe, ndi kumene kwaloza makomo. Ndipo pomwepo wadziwa kale cimene eni mudzi aciyesa cuma cao, ndi cimene aciopa. Pa nkhani yino tifuna kuyang'ana motero nyumba imodzi ya alimi ya m'dziko la England, dzina lace Higher Uppacott. Si nyumba ya mfumu kapena ya munthu womveka ai. Anaimanga anthu oweta ng'ombe m'zaka za pakati pa 1300 ndi 1400. Koma lero lamulo la dziko lao liisunga pa mtundu umodzi ndi nyumba za mafumu ndi akacisi akuru. Tsono tiyeni tione mamangidwe ace, kuti tizindikire cifukwa cace.

1. Dziko ndi anthu ace

Nyumbayi iri m'cigawo ca Devon, kumwera cakumadzulo kwa England, pafupi ndi kamudzi ka Poundsgate, m'dera la Widecombe-in-the-Moor. Dziko lonse la kumeneko alicha Dartmoor. Ndilo dziko lokwezeka, la zitunda zopanda mitengo ndi madambo a lowe. Phiri lace lalitari, High Willhays, lifika mapazi 2,039. Mvula icuruka kwambiri, kotero kuti ku Princetown igwa pafupifupi mainchesi 80 pa caka, ndipo pa nyengo ya cisanu mphepo yace ilasa mafupa. Pansi pa mbali yaikuru ya dzikolo pali thanthwe lolimba limene Angerezi alicha granite, lofanafana ndi matanthwe aja akazi ayanikapo ufa.

M'dziko lotere dzinthu sizicita bwino kwenikweni, ndipo cuma ca mlimi cinali ng'ombe ndi nkhosa. Pa malimwe ziweto zinali kudya ku zitunda. Koma cisanu cikafika, msipu uleka kumera kwa miyezi yambiri, ndipo ng'ombe za mkaka zikasiyidwa pabwalo zionda, zina nkufa. Cifukwa cace anthu anapangana nzeru ya kumanga nyumba imodzi yaitari, ya denga limodzi, anthu mbali yina, ng'ombe mbali yina.

Mamangidwe amenewa ndi akale ndithu. Pafupi ndi phiri la Hound Tor pali bwinja la mudzi limene analifukula Mai E. Marie Minter m'zaka za m'ma 1960. Pamenepo paoneka maziko a nyumba zinai zotere, zomangidwa ndi miyala m'zaka za m'ma 1200, pamodzi ndi nkhokwe zokhala ndi ng'anjo zoumitsira dzinthu. Eni ace anaona masiku oipa: njala yaikuru ya mvula yosaleka inagwa pa maiko a Europe kuyambira 1315 kufikira 1317, nthenda ya ng'ombe inatsata mu 1319, ndi mliri waukuru unafika ku England mu 1348. M'kupita kwa zaka mudzi wa Hound Tor unasanduka bwinja. Koma Higher Uppacott anakhalabe ndi anthu mibadwomibadwo, ndipo denga lace silinagwe.

2. Mau awiri

Popeza ano ndi masamba a cinenero, tiyambe tachula mau awiri. Nyumba yotere pa Cingerezi aicha longhouse, ndiko kunena nyumba yaitari. Dzinali linawanda ndi Iorwerth Peate, mphunzi wa miyambo ya ku Wales, amene anasindikiza buku la nyumba za kwao mu 1940, nalitenga ku mau a cinenero ca Wales. Koma si nyumba iri yonse yaitari iyenera dzinali: ophunzira alipatsa nyumba yokhayo imene anthu ndi ng'ombe agona pansi pa denga limodzi, nakhala ndi njira ya m'kati yocokera kwa anthu kunka kwa ng'ombe.

Liu lina ndi shippon, ndilo dzina la mbali ya ng'ombe. Licokera ku Cingerezi cakale cimene cinali kunenedwa zaka 1,000 zapitazo, ndipo tanthauzo lace ndi khola. Anthu a m'mizinda analiiwala kale. Alimi ndiwo analisunga. Ife m'nkhani muno tidzangoti khola.

3. Maikidwe a nyumba

Cinthu coyamba cimene mmisiri anafuna ndi malo otsetsereka. Ife timanga pa malo osalala, ndipo pakakhala citunda tiyamba tasalaza. Koma iye anaika nyumba yace motsata mtsetse, mutu kumtunda, miyendo kumunsi, monga munthu wogona pa culu. Kumtunda anakumba pang'ono m'citunda, kuti nyumba ibisale ku mphepo. Anthu anatenga mbali ya kumtunda, ng'ombe ya kumunsi. Taonani nzeru yace: madzi sakwera phiri, cotero mkodzo ndi ndowe za ng'ombe zinali kutsikira kutali ndi pogona anthu, popanda wozitunga.

Pakati pa nyumba panali mpata wopingasa, khomo kuno, khomo uko, openyana. Pa mpata umenewu ndipo panali polowera onse, mwini nyumba ndi ng'ombe zace zomwe. Wolowa akapotolokera kumtunda afika m'cipinda cacikuru, m'mene munali moto. M'menemo anali kuphika, kudya, kuceza ndi kugwira nchito za manja. Kupitirira apo kunali kacipinda kena kopanda moto, kosungiramo zinthu kapena kogonamo. Akapotolokera kumunsi afika m'khola. Zigawo zace tsono ndi zinai: kacipinda, cipinda cacikuru, mpata, ndi khola, zonse pa mzere umodzi.

Poyamba penipeni munalibe zipupa zofika kudenga. Zipinda zinalekanitsidwa ndi machinga aafupi a matabwa, ndipo munthu woima pa moto anali kuona denga lonse, namva kupuma kwa ng'ombe zace. Ikadwala imodzi usiku, kapena ikafuna kubala, mwini anadziwa msanga. Kukagwa cipale cofewa, mkazi anakama mkaka osaturuka pabwalo.

4. Makoma

Miyala ya makoma sanaikumbe pansi ai. Pa zitunda za Dartmoor pali miyala yambirimbiri yongogona pamtunda, ndipo mlimi poitola anapindula pawiri: anapeza zomangira, nayeretsanso munda wace. Yaikuru anaiika pansi ikhale maziko, ndi m'ngondya kuti imange makoma awiri pamodzi. Khoma analimanga la nkhope ziwiri, ya kunja ndi ya m'kati, nathira timiyala ndi dothi pakati pace. Kucindikira kwace mapazi awiri kapena kuposerapo. Simenti kunalibe, ndipo njereza inali ya mtengo wapatari kumapiriko. Comangira cao cinali dothi. Khoma lotere liima ndi kulemera kwace ndi luso la woyala miyala, amene asamala kuti mwala uli wonse ugone pa miyala iwiri.

Pofuna mwala wautari wa pamwamba pa khomo kapena wa mphuthu, anasema timaenje pa mzere, nakhomeramo zong'ambira kufikira mwala unang'ambika. Cifupi ndi caka ca 1800 anayamba njira yina, ya kuboola mabowo ozungulira ndi citsulo. Cifukwa cace wodziwa akaona zipsera za m'mbali mwa mwala, akhoza kunena ngati unang'ambidwa cisanafike cakaco kapena citapita. Alimi olemera anasemetsa miyala yao ikhale ya mbali zinai zosalala, monga tiona pa nyumba ya Sanders ku Lettaford, yomangidwa cifupi ndi 1500, imene aisunga a Landmark Trust.

Mazenera oyamba anali aang'ono, opanda galasi, otsekedwa ndi matabwa. Galasi linayamba kufika m'nyumba za alimi cakumapeto kwa zaka za m'ma 1500.

5. Denga ndi mwaye wace

Mutu umodzi susenza denga, anatero akale. Ndipo denga la nyumba zimenezi linafunadi anthu ambiri polikweza. Mitengo yace ndi ya oak, wolimba ngati mlombwa. Amisiri a kumeneko anakonda kufuna mtengo wopindika, naupanga mizati iwiri yokhota yolingana. Matsinde ace anawaika m'kati mwa makoma, nsonga zace zinakomana pamwamba, monga nyanga ziwiri zokhudzana. Pa mizati imeneyi anagoneka mitanda, pa mitanda mapaso, pa mapaso timitengo topingasa, ndipo zazikuruzo anazilumikiza ndi zikhomo za mtengo. Pomariza anafolera ndi mapesi a dzinthu za m'munda mwao.

Tsono apa ndipo pali cinthu ca mtengo wapatari. Nyumba yoyamba inalibe cumuni. Moto unali pansi, pakati pa cipinda cacikuru, monga m'nyumba za makolo athu. Nkhuni zace zinali mitengo ndi dothi lakuda la m'madambo, la zomera zobvunda, limene liyaka likauma. Utsi unakwera momwemo, nuturuka pang'onopang'ono, nusiya mwaye pa mitengo ndi pa mapesi. Ndipo ofolera a ku Devon ali ndi mwambo wao: denga likakalamba sasasula lonse, koma acotsa za pamwamba zobvunda, nayala mapesi atsopano pa akale. Cotero mapesi apansi, oyamba aja, akhala osakhudzidwa. Ku Higher Uppacott alipo kufikira lero mapesi akuda bii ndi mwaye wa moto umene unazima zaka mazana apitawo.

Madenga otere atsala owerengeka m'England, ndipo ambiri a iwo ali m'Devon. John Letts, wophunzira za zomera zakale, anawayesa nasindikiza zimene anapeza mu 1999. M'mapesi ouma ndi utsi anapeza ngala zathunthu za tirigu wa mitundumitundu ndi rye, pamodzi ndi maudzu amene anamera nazo m'munda. Potero tidziwa mbeu zimene alimi aja anafesa, ndi kutalika kwa mapesi ace, ndi macekedwe ao pokolola. Alembi a masiku aja analemba za mafumu ndi nkhondo ndi misonkho. Za m'munda wa munthu wamba zasungika m'denga.

6. Masinthidwe a nyumba

Nyumba ya anthu amoyo siikhala cikhalire. M'zaka za m'ma 1500 ndi 1600 alimi a ku Devon anapeza ndalama pa ubweya wa nkhosa ndi nsaru, ndi ena pa mtapo wa tin, nayamba kukonza nyumba zao. Mbusa wina, William Harrison, analemba mu 1577 kuti nkhalamba za m'mudzi mwace zinali kuzizwa ndi kucuruka kwa macumuni atsopano. Ndipo mu 1953 mphunzi wa mbiri, W. G. Hoskins, mbadwa ya ku Exeter m'Devon momwemo, anaonetsa kuti pakati pa 1570 ndi 1640 nyumba zambiri za m'midzi ya England zinamangidwanso kapena kukonzedwa.

Makonzedwe ace anatsatana motere. Poyamba anayala matabwa pamwamba pa kacipinda ka kumtunda, napeza cipinda cogona cam'mwamba. Pambuyo pace anamanga cumuni ca miyala, kawirikawiri cofulatira mpata uja, moto nucoka pakati nunka kukhoma. Utsi utapeza njira yace, sikunafunikenso kusiya cipinda cacikuru cotseguka kufikira kudenga. Cotero anayalanso matabwa pamwamba pace, namanga makwerero. Ndi pamenepo mwaye uja unabisika kuseri kwa zipinda zam'mwamba, nusungika. Potsiriza ena anaonjeza zipinda m'mbali, ndi ambiri anaboolera ng'ombe khomo laolao, kuti zisapitenso pa mpata wa anthu. Higher Uppacott anapita m'njira yomweyi: analandira cumuni ndi zipinda zam'mwamba, ndipo m'zaka za m'ma 1600 anamuonjezera nthambi ya zipinda kumbali.

Owerenga aone kuti masinthidwe onsewa aloza kumodzi. Mbadwo uli wonse unapatukana pang'ono ndi utsi, nupatukana ndi ng'ombe, nupatukananso wina ndi mnzace. Pakuti anthu amene kale anagona onse pozinga moto umodzi, tsopano yense anafuna cipinda cace. Mbiri ya makhalidwe a banja yalembedwa m'zipupa zimenezi.

7. Khola

Nyumba zotere zotsala pa Dartmoor ziposa 100. Koma pafupifupi zonse makola ace anasandutsidwa zipinda za anthu. Ng'ombe zitasamukira m'makola apadera, eni nyumba anaona malo aakuru ali cabe, nathira simenti pansi, nakuza mazenera, naikamo mipando. Sitingawatsutse, pakuti munthu afuna pokhala pabwino. Koma khola likatha, nyumba yataya cimene cinaipatsa dzina.

Ku Higher Uppacott khola silinasinthidwe, ndipo ici ndico cifukwa cacikuru ca ulemu wace. Pansi pace mpoyalidwa miyala, ndipo pakati pali ngalande yotsika ndi mtsetse, yoturukira kunja pa khoma la kumunsi. M'makola a mtundu uwu ng'ombe zinaima mizere iwiri, mitu kukhoma, micira kungalande, iri yonse yomangidwa pa cikhomo cozikidwa m'bowo la mwala. Mazenera ace ndi ming'alu yopapatiza, yolowetsa mpweya koma yosalowetsa mvula. Pa khoma la kumunsi pamakhala ciboo coponyerapo ndowe kunja, kumene zinaunjikidwa kuti zikapite kumunda. Ndi pamwamba pa ng'ombe pamakhala nsanja ya udzu wouma, cakudya cao ca m'cisanu. Palibe kanthu m'menemo koikidwa cifukwa ca kukongola. Ciri conse ciri ndi nchito yace.

8. Lamulo losunga nyumba

Kale mwini nyumba ku England anali ndi ufulu wa kugumula nyumba yace monga afuna. Mu 1877 William Morris ndi anzace anayambitsa bungwe la Society for the Protection of Ancient Buildings, lophunzitsa kuti nyumba yakale iyenera kukonzedwa pang'onopang'ono, osati kuisandutsa yatsopano yonamizira ukale. Lamulo loyamba la 1882 linasamala makamaka miyala ndi mabwinja a anthu akalekale. Koma pa nkhondo yaciwiri ya dziko lonse mabomba anaononga nyumba zakale zambiri, ndi mzinda wa Exeter womwe unapsa mu 1942. Ndipo anthu anazindikira kuti sadziwa ndi ciwerengo comwe ca zimene ali nazo. Cotero malamulo a 1944 ndi 1947 anayambitsa kaundula wa nyumba zoyenera kusungidwa, ndi lamulo la 1968 linati munthu asagumule kapena kusintha nyumba yolembedwa asanalandire cilolezo. Wocita dala popanda cilolezo apalamula mlandu.

Nyumba za m'kaundula zigawidwa patatu: Grade I, Grade II* ndi Grade II. Mwa nyumba 100 zolembedwa, za Grade I sizifika zitatu; ndipo Higher Uppacott ali m'gulu limeneli. Dziko la Dartmoor linaikidwa kukhala malo osungidwa a mtundu wonse mu 1951, ndipo akuru oyang'anira malowo anagula nyumbayi mu 1979. Pambuyo pace alendo analoledwa kuiona pa masiku oikika, ali ndi wowatsogolera.

9. Bvuto la kusunga

Munthu angaganize kuti dzina likalowa m'kaundula nchito yatha. Koma mvula siiwerenga kaundula. Denga la mapesi lifuna kuyalidwanso mbadwo uli wonse, ndi msonga wace kawirikawiri koposa. Ndipo mapesi oyenera, aatari ndi osathyoka, acokera ku tirigu wa mitundu yakale amene alimi owerengeka okha alima. Wofolera wosadziwa akhoza kusasula tsiku limodzi cimene cinakhala zaka 600. Moto nawo ndi mdani wa masiku onse. Alimi akale a ku Dartmoor anauopa kotero kuti ena anamanga tinyumba ta miyala tokhatokha, ndi denga lomwe la miyala, tosungiramo phulusa lamoto kutali ndi mapesi.

Mdani wina abwera ngati bwenzi. Anthu ofuna kulimbitsa makoma akale anawamata simenti, ndipo kunja kunaoneka bwino. Koma cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Khoma la miyala ndi dothi limwa cinyezi ndi kuciturutsanso. Simenti itsekera cinyezi m'kati, mitu ya mitengo yolowa m'khoma nibvunda. Cifukwa cace osunga nyumba zakale abwerera ku njereza, ndipo acotsa simenti pamene angathe.

Patsala funso limene anthu a nzeru asiyana nalo maganizo. Ena ati nyumba isungika bwino ikakhala ndi anthu ogonamo, osonkha moto, oona msanga pamene padontha. Koma anthu otere afuna madzi, kuunika, ndi zipinda zofunda, ndipo ciri conse ca izi cicotsako kanthu ka kale. Ena ati ikhale yopanda anthu, yongoonetsa. Koma nyumba yotere izizira, ndipo ndalama zoisamalira ziyenera kucokera kwina caka ndi caka. Pa Dartmoor njira zonse ziwiri ziyendedwa: nyumba zambiri ziri ndi eni ace okhalamo pansi pa lamulo, ndipo Higher Uppacott asungidwa kuti ophunzira ndi amisiri akaone m'mene zinzace zonse zinaliri poyamba.

Amene anayala miyala ija sanadziwe kuti adzukulu a adzukulu ao adzadza kudzapenya ngalande ya m'khola ndi mwaye wa kudenga, zinthu zimene iwo sanaziyese kanthu. Mau a akuruakuru akoma akagonera, ndi nchito za manja ao momwemo. Cifukwa cace tipempha aphunzitsi ndi onse owerenga masamba ano, kumene kuli nkhalamba zodziwa kuzika nsichi, kumanga mbalo, kuluka denga ndi kufolera, akhale nazo pansi, alembe maina a mitengo ndi a nchito iri yonse monga zichulidwa kwaoko, pamodzi ndi zifukwa zace. Pakuti miyala ya ku Dartmoor inadikira zaka 600 kufikira anapezeka oifunsa, koma nyumba ya mitengo ndi udzu siidikira motero.